A Ghayavi a ku Papua New Guinea: mafunso ndi mayankho pa za mudzi ndi mpingo

Dzina la dziko la Papua New Guinea limamveka kawirikawiri kwa akhristu amene amatsatira nkhani za kumasulira Baibulo, chifukwa palibe dziko lina lokhala ndi ziyankhulo zambiri ngati limeneli. Komabe mayina a mitundu ya kumeneko amangodutsa m'makutu, ndipo chimene chimatsala m'maganizo ndi chithunzi cha anthu a m'nkhalango amene sanamvepo za Yesu. A Ghayavi ndi mtundu umodzi waung'ono umene chithunzi chimenecho chimaunamizira kwambiri.

Kodi a Ghayavi ndi a kuti? Ndi ku Guinea wa kuno ku Africa?

Ayi. Papua New Guinea alibe ubale ndi Guinea, Guinea-Bissau kapena Equatorial Guinea. Ndi theka lakum'mawa la chilumba chachikulu cha New Guinea, kumpoto kwa Australia, ndipo analandira ufulu wodzilamulira kuchoka m'manja mwa Australia pa 16 Seputembala 1975. Chilumbachi chimathera ndi mchira wautali woloza kum'mwera chakum'mawa, kumene kuli chigawo cha Milne Bay, chomwe likulu lake ndi Alotau. A Ghayavi amakhala kugombe lakumpoto la mchira umenewu, pamene nyanja yamchere inalowerera kumtunda, potchedwa Goodenough Bay. Midzi yawo inandandalika m'mphepete mwa nyanja kuyambira ku Uga kumadzulo mpaka ku Wadobuna kum'mawa, ndipo kumbuyo kwake mapiri amangoyamba kukwera osapereka mpata, mpaka kukafika pamsana wa mapiri a Owen Stanley. Kalembera wa mu 2000 anapeza anthu pafupifupi 2,800 oyankhula Chighayavi. M'mabuku akale chiyankhulochi chimatchedwa Boianaki kapena Galavi, ndipo mudzi wodziwika kwambiri m'derali ndi Boianai.

Anthu ochepa chonchi angakhale bwanji ndi chiyankhulo chawochawo?

Kumeneko zimenezi n'zachizolowezi. Papua New Guinea ali ndi ziyankhulo zopitirira 800, ndipo zambiri mwa izo zili ndi anthu masauzande ochepa chabe, zina mazana. Mapiri ndi nyanja zinalekanitsa midzi kwa nthawi yaitali, koma si chifukwa chokhacho. Anthu a midzi yoyandikana ankakwatirana, kugulana miphika ndi zakudya, n'kumamvana bwinobwino, koma aliyense ankasunga mayankhulidwe akwawo chifukwa ndiwo ankasonyeza kuti munthu ndi wa pati ndipo nthaka yake ili kuti.

Chighayavi chili m'banja lalikulu la ziyankhulo lotchedwa Austronesian, limene linafalikira ndi anthu oyenda panyanja kuchokera ku Madagascar mpaka ku Hawaii ndi New Zealand. Motero chiyankhulo cha ku Madagascar ndi m'bale wake wapatali. Abale apafupi ndi Chigapapaiwa ndi Chiare, chimene ena amachitcha Chimukawa, cha kutsidya lina la Goodenough Bay, komanso Chiwedau cha kum'mawa. Anthu a kumapiri, monga a Daga, amayankhula ziyankhulo za banja lina lomwe silikhudzana ndi zimenezi. China chimene alendo sachiyembekezera n'chakuti ku Milne Bay anthu a ziyankhulo zosiyana akakumana amakonda kugwiritsa ntchito Chingerezi, pomwe m'zigawo zambiri za dzikolo amayankhulana m'Chitok Pisin.

Amadya chiyani, nanga amalima bwanji?

Amadya za m'munda ndi za m'nyanja. Chimanga si chakudya chodalirika kumeneko. Mumphika mumalowa koko, nthochi zophika, zilazi, mbatata ndi chinangwa, ndipo zonsezi amaziphika mu msuzi wamkaka wofinyidwa ku kokonati wopala. Ndiwo ndi masamba ndi nsomba. Nkhumba zilipo m'midzi, koma sizidyedwa wamba. Zimadikira ukwati, phwando la maliro kapena mlandu wofuna kupepesa.

Anthu ambiri akamva za New Guinea amaganiza za mvula ya tsiku ndi tsiku, koma gombe ili ndi louma poyerekeza ndi madera ena. Mphepo ya kum'mwera chakum'mawa, imene imawomba kuyambira cha mu Meyi mpaka cha mu Okutobala kapena Novembala, imakhuthula mvula yake kuseri kwa mapiri n'kufika ku Goodenough Bay ilibe kanthu. Pa miyezi imeneyo mapiri a udzu amafiira, mitsinje ing'onoing'ono imaphwa, ndipo zaka za chilala chachikulu, monga 1997, njala imaluma ndithu. Pachifukwa ichi anthu a gombe limeneli anaphunzira ulimi wothirira azungu asanabwere. Chitsanzo chotchuka ndi cha ku Wamira, mudzi wa oyankhula Chiwedau kum'mawa kwa a Ghayavi, kumene anthu ankatseka mtsinje ndi miyala, kukumba ngalande zazitali, n'kuwolotsa madzi pamwamba pa chigwa kudzera m'mitengo yoboola pakati. Katswiri wa chikhalidwe cha anthu Miriam Kahn, amene anakhala ku Wamira m'zaka za m'ma 1970, analemba kuti amuna kumeneko amaona koko wawo ngati ana awo. Amamusamala, amamubisa kwa anthu a maso oipa, ndipo pokolola amamuonetsa pagulu ndi ulemu. Munthu akamvetsa zimenezi saonanso munda ngati malo opezera chakudya basi. Mbiri ya mwamuna, mphamvu ya banja lake ndiponso mantha ake zonse zili m'mundamo, ndipo chipembedzo chilichonse chobwera pagombeli chinayenera kuyankhapo kanthu pa za munda.

Mlendo akafika pakhomo samulandira ndi tiyi kaye. Amamupatsa mtedza wa mtengo wina wa mgwalangwa, umene m'Chitok Pisin amati buai, woti atafune pamodzi ndi laimu ndi kanthambi kowawa. Umafiiritsa m'kamwa, ndipo madokotala amachenjeza kuti umayambitsa khansa ya m'kamwa, koma nkhani zambiri za pamudzi zimakambidwa anthu akutafuna umenewu.

Nanga ndalama amazipeza kuti?

Ndalama ya dzikolo ndi kina, ndipo m'midzi ya m'mphepete mwa nyanjayi imasowa. Kale anthu ankadalira kugulitsa mnofu wa kokonati woumitsa, umene amayengera mafuta, koma mtengo wake umakwera n'kutsika, ndipo kuunyamula kukafika kumsika kumadya phindu. Ena amagulitsa buai, nsomba ndi zokolola zotsala. Ena anapita kukagwira ntchito m'minda yaikulu ya migwalangwa ya mafuta kufupi ndi Alotau, kapena ku Port Moresby ndi ku Lae, ndipo zimene amatumiza kumudzi n'zimene zimalipira sukulu ndi kugula mpunga, sopo ndi parafini.

Chovuta chachikulu ndi ulendo. Kwa zaka zambiri ngakhale Alotau weniweniyo analibe msewu wokafika ku likulu la dziko, Port Moresby. Pagombe la Goodenough Bay msewu wodalirika ndi nyanja. Anthu amayenda pa mabwato okhala ndi mtengo woyandama kumbali kuti asagubuduke, kapena pa maboti a injini amene mafuta ake ndi okwera mtengo. Nyanja ikakwiya, wodwala amadikira.

Malo ndi a yani, ndipo ana amatsata mbali iti?

Pafupifupi 97 pa 100 ya nthaka ya Papua New Guinea ndi ya makolo, yosungidwa ndi mafuko, osati ya boma kapena ya munthu mmodzi. M'madera ambiri a Milne Bay fuko limatsata kuchikazi. Mwana ndi wa fuko la mayi ake, ndipo mlongo wa mayi ali ndi mawu pa za malo, ukwati ndi maliro. Mchewa kapena Myao sangavutike kumvetsa dongosolo lotere, pakuti ndi nkhani yomweyi ya mwinimbumba ndi atsibweni. Bambo sakhala mlendo ayi, popeza ndiye amalima ndi ana ake n'kuwaphunzitsa kuwedza, koma munthu akamwalira mafuko awiriwa amadziwa aliyense mbali yake, ndipo phwando lotsekera maliro limabweza ngongole za chakudya ndi thukuta zimene zinaunjikana pa moyo wa malemuyo.

Tinamva kuti anthu a ku New Guinea amadya anzawo. N'zoona?

Masiku ano ayi. Zolembedwa za kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 zimasonyeza kuti m'madera ena a kum'mawa kwa chilumbachi midzi inkathirana nkhondo, ndipo mdani wophedwa nthawi zina ankadyedwa pobwezera imfa ya m'bale. Zinali za pankhondo, osati chakudya cha tsiku ndi tsiku, ndipo pagombe ili zinatha kalekale boma la atsamunda ndi mishoni zitakhazikika. Kupitiriza kuwatchula anthu awa ndi mbiri imeneyi n'kuwalakwira, chifukwa agogo a agogo awo anali kale obatizidwa.

Ndiye Chikhristu chinafika liti?

Pa 10 Ogasiti 1891 ansembe awiri a mpingo wa Angilikani ochokera ku Australia, Albert Maclaren ndi Copland King, anakocheza ku Kaieta pafupi ndi Wedau. Anapeza malo pa chitunda chafulati chotchedwa Dogura, chimene kale chinali bwalo la nkhondo za midzi. Maclaren sanathe ndi chaka chomwe: malungo anamutenga mu Disembala 1891. King anatsala, ndipo anagwira ntchito imeneyi mpaka imfa yake mu 1918. Zinthu sizinathamange. Ubatizo woyamba unachitika pa Pasaka wa 1896, patatha pafupifupi zaka zisanu. Bishopu woyamba, Montagu Stone-Wigg, anadzozedwa mu 1898.

Boianai, m'dera la a Ghayavi, inali imodzi mwa nthambi zoyambirira za Dogura, ndipo inakhala siteshoni ya mishoni yokhala ndi tchalitchi ndi sukulu. Wansembe Romney Gill anakhalapo kuyambira mu 1910 mpaka mu 1922. Tikamawerenga kuchokera nthawi imeneyo, tikupeza kuti ana amene akubatizidwa lero m'midzi imeneyi ndi a m'badwo wachinayi kapena wachisanu wa akhristu.

Pa Dogura pali zinthu ziwiri zimene mkhristu aliyense wa m'derali amazidziwa. Choyamba ndi mtengo wa modawa. Nsanamira ina ya kachisi woyamba, amene anamangidwa ndi mitengo yaiwisi, inaphuka mizu n'kukula kukhala mtengo waukulu, ndipo mpingo wa Angilikani m'dzikolo unautenga kukhala chizindikiro chake. Chachiwiri ndi tchalitchi chachikulu cha Petro ndi Paulo Oyera, chimene chinayamba kumangidwa mu 1934 n'kupatulidwa mu Okutobala 1939. Anachimanga ndi amuna ochokera m'midzi ya m'gombe lonseli, amene ankabwera m'magulu kudzagwira ntchito mosalipidwa, gulu lina likapita lina n'kubwera.

N'chifukwa chiyani ndi Angilikani osati mpingo wina?

Anthu sanachite kusankha pakati pa mipingo. Mu 1890 bwanamkubwa wa British New Guinea, William MacGregor, anagwirizana ndi mabungwe a mishoni kuti agawane dziko pofuna kupewa kulimbirana nkhosa. A London Missionary Society anatenga gombe lakum'mwera, a Methodist anatenga zilumba, ndipo Angilikani anapatsidwa gombe la kumpoto chakum'mawa. Akatolika sanalowe m'panganolo. N'chifukwa chake m'dziko lonse Angilikani ndi ochepa, pafupifupi atatu pa anthu 100 alionse, koma ku Goodenough Bay ndi ku chigawo cha Oro ndiwo mpingo wa makolo. Lero malire aja anafufutika, ndipo a Seventh-day Adventist ndi mipingo ya Chipentekoste akupezeka m'chigawo chonse.

Kodi azungu ndiwo anatembenuza anthuwa?

Mbiri imakonda kusunga mayina a azungu, koma ntchito ya tsiku ndi tsiku m'midzi inagwiridwa kwambiri ndi anthu akuda anzawo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1860 anthu masauzande ambiri a ku zilumba za Solomon ndi Vanuatu anatengedwa, ena monyengedwa ena mokakamizidwa, kukadula nzimbe ku Queensland, ku Australia. Ena mwa iwo anabatizidwa kumeneko n'kuphunzira kuwerenga m'sukulu za madzulo, ndipo atamva kuti ku New Guinea kukufunika aphunzitsi anadzipereka. Oyamba, Harry Mark ndi Willie Miwa, anafika mu 1893, ndipo makumi angapo anatsatira. Amenewa ndiwo ankagona m'midzi, kudya koko yemweyo, kulima munda wawo, kuimba belu m'mawa n'kuphunzitsa ana zilembo. Maphunziro awo anali ochepa ndipo azungu ena ankawaderera, koma ambiri anafera pantchito n'kuikidwa m'manda pagombe lomwelo. Ine ndimaona kuti popanda anthu amenewa mishoni ya Dogura ikanakhala nyumba ya alendo pamwamba pa chitunda.

Pambuyo pawo panabwera ana a m'dzikomo. Peter Rautamara anadzozedwa kukhala wansembe woyamba wa ku Papua mu 1917, ndipo George Ambo anakhala bishopu woyamba wa m'dzikolo mu 1960. Mu 1977 mpingowu unaima paokha, ndipo lero uli ndi madayosizi asanu: Dogura, Popondota, Port Moresby, Aipo Rongo ndi New Guinea Islands. A Ghayavi ali mu dayosizi ya Dogura.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inawakhudza?

Inawakhudza kwambiri. Mu 1942 asilikali a Japan analowa m'dzikolo, ndipo kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka kuchiyambi kwa Seputembala kunali nkhondo yoopsa ku Milne Bay kwenikweniko, kumene a Japan anagonjetsedwa. Amuna ambiri a m'midzi anatengedwa kukanyamula katundu ndi ovulala. Bishopu Philip Strong anapempha antchito a mishoni kuti asathawe nkhosa zawo, ndipo kumpoto, ku dera la Gona ndi Sangara, ansembe, aphunzitsi ndi anamwino angapo anaphedwa. Mmodzi mwa iwo anali Lucian Tapiedi, mphunzitsi wachinyamata wobadwira ku Taupota, pagombe lomweli la kumpoto kwa Milne Bay. Iye sanaphedwe ndi a Japan koma ndi munthu wa m'dzikomo, amene pambuyo pake anatembenuka mtima, kubatizidwa ndi dzina la Lucian n'kumanga tchalitchi chomukumbukira. Mu 1998 chosema cha Tapiedi chinaikidwa pamwamba pa khomo la Westminster Abbey ku London, pamzere umodzi ndi Janani Luwum wa ku Uganda ndi Manche Masemola wa ku South Africa. Chaka chilichonse pa 2 Seputembala mpingo umakumbukira ofera chikhulupiriro amenewa.

Mpingo umaoneka bwanji m'moyo wa pamudzi?

Angilikani wa kumeneko ndi wa mwambo wofanana ndi wa Chikatolika: Misa, lubani, kugwada, masiku a oyera mtima, ndipo wansembe amatchedwa bambo. Mpingowu sudzoza amayi kukhala ansembe, ngakhale kuti bungwe la amayi la Mothers' Union ndilo limanyamula ntchito zambiri zoyendera odwala, kuphika pa misonkhano ndi kusonkha ndalama. Wansembe mmodzi amayang'anira midzi ingapo yotalikirana, choncho Lamulungu lambiri mapemphero amatsogoleredwa ndi akatekisiti ndi alaliki a pamudzi pomwepo.

Tsiku la woyera mtima wa tchalitchi ndilo phwando lalikulu la chaka. Anthu amavala nthenga za mbalame, kudzola, kuimba ng'oma, ndipo ovina amatsogolera wansembe polowa m'tchalitchi. Amishonale a Angilikani, kusiyana ndi ena a nthawi yawo, sanalimbane kwambiri ndi magule ndi zovala za makolo. Ankafuna akhristu okhala m'midzi yawo, osati otengera Chizungu. Maganizo amenewa anali ndi ubwino wake, koma analinso ndi mtengo wake, chifukwa mishoniyi inali yosauka ndipo inachedwa kuphunzitsa anthu ntchito zopezera ndalama.

Sukulu ndi chipatala zinabwera ndi mpingo. Ku Dogura kuli chipatala cha St Barnabas ndi sukulu ya sekondale ya Holy Name, imene inayamba ngati ya atsikana. M'dziko lonse mipingo imayendetsa pafupifupi theka la zipatala za kumidzi. Kwa mayi woyembekezera wa ku Goodenough Bay, mpingo ndi boma nthawi zambiri zimaoneka ngati chinthu chimodzi.

Ngati ndi akhristu, bwanji tikumva kuti amaopa ufiti?

Chifukwa ubatizo suchotsa funso lakuti n'chifukwa chiyani mwana wanga wamwalira pomwe wa mnzanga ali moyo. Ku Milne Bay anthu amakamba za afiti ouluka usiku, amene kawirikawiri amati ndi akazi, ndi za amuna odziwa mankhwala opha. Imfa yadzidzidzi, munda wokanika kapena bwato lomira zimafufuzidwa chiyambi chake pa ubale wa anthu: ndani anakwiya, ndani anamanidwa gawo lake la nkhumba. Munthu yemweyo akhoza kulandira Mgonero Lamulungu n'kusunga mawu amene atsibweni ake anamuphunzitsa onong'oneza pobzala koko.

Ena akaona zotere amafulumira kunena kuti Chikhristu cha anthuwa n'chapamwamba chabe. Sindikugwirizana nawo. Anthu amene anamanga tchalitchi cha Dogura ndi manja awo, amene amayenda maola ambiri kukamva Misa, sitinganene kuti akungoyerekeza. Vuto lenileni n'lakuti chiphunzitso chinabwera chikuyankha mafunso a ku Ulaya, pomwe mafunso a munda, a nsanje ndi a mizimu ya akufa anasiyidwa kunja kwa tchalitchi. Mafunso amenewo anthu amawafunsa m'chiyankhulo cha kwawo, usiku, pamoto.

Tiyeneranso kusiyanitsa madera. Nkhani zoopsa za kuzunza ndi kuwotcha oganiziridwa ufiti zimachokera makamaka ku zigawo za kumapiri a pakati pa dzikolo. Mayi wina atawotchedwa pagulu ku Mount Hagen mu 2013, nyumba ya malamulo inathetsa lamulo la za ufiti la mu 1971, limene ena ankabisalamo akapha munthu. Ku Milne Bay chikhulupiriro cha ufiti n'champhamvu, koma nkhanza zotere sizichitika kawirikawiri.

Dzina la Boianai likupezeka m'nkhani za zinthu zouluka zachilendo. Chinachitika n'chiyani?

Madzulo a pa 26 ndi 27 Juni 1959, wansembe wa pa Boianai, William Gill, pamodzi ndi aphunzitsi, antchito a zachipatala ndi anthu a pamudzi, onse pamodzi 38, ananena kuti anaona chinthu chowala chitaima m'mlengalenga, pamwamba pake pakuoneka ngati anthu anayi. Anati atawakwezera manja, nawonso anakweza. Gill analemba zonse ndipo ambiri mwa mboni anasaina. A nkhondo ya m'mlengalenga a ku Australia anati mwina anali mapulaneti ooneka kudzera m'mitambo, koma ena sanakhutire mpaka lero. N'zomvetsa chisoni kuti kunja kuno Boianai amadziwika ndi mausiku awiri amenewa kuposa china chilichonse, pomwe pamudzi pomwepo pali miyala yakale yosemedwa mizere yozungulira, imene katswiri wa boma F. E. Williams anailemba mu 1931, ndiponso mpingo wa zaka zopitirira 100.

Kodi ali ndi Baibulo m'chiyankhulo chawo?

Lathunthu alibe. Amishonale atafika sakanatha kuphunzira chiyankhulo cha mudzi uliwonse, choncho anasankha Chiwedau, cha pafupi ndi Dogura, kukhala chiyankhulo cha tchalitchi ndi sukulu pagombe lonse. Mapemphero, nyimbo ndi katekisimu zinali m'Chiwedau. Kutsidya la Goodenough Bay, Samuel Tomlinson anamasulira Baibulo lonse m'Chimukawa, ndipo linasindikizidwa mu 1921, kutatsala chaka chimodzi kuti Buku Lopatulika lathu lituluke. A Ghayavi anakhala pakati pa ziyankhulo ziwiri zokhala ndi mabuku, chawo chilibe. Anapemphera m'Chiwedau kwa mibadwo, kenako Chingerezi chinalowa m'malo ambiri.

Zinthu zinayamba kusintha m'zaka zaposachedwapa. Bungwe la SIL, limene lakhala likugwira ntchito ya ziyankhulo m'dzikolo kuyambira mu 1956, linayesa njira ina ku Milne Bay. M'malo motumiza mzungu mmodzi kukakhala zaka makumi awiri m'mudzi umodzi, linkasonkhanitsa ku Alotau omasulira osankhidwa ndi midzi ndi mipingo yawo, a ziyankhulo zingapo nthawi imodzi, kuti aphunzire limodzi n'kubwerera kwawo kukayesa zomasulirazo pamaso pa akuluakulu. Lero Uthenga Wabwino wa Marko ulipo m'Chighayavi.

Poti amamva Chiwedau ndi Chingerezi, kodi n'koyenera kuwonongera zaka ndi ndalama pa anthu osakwana 3,000?

Funsoli ndi loona mtima, ndipo ngakhale anthu ena a m'midzi yomweyo amalifunsa. Makolo amafuna ana adziwe Chingerezi chifukwa ndicho chimatsegula khomo la sekondale ndi la ntchito. Boma lomwe, litayesa kuphunzitsa ana aang'ono m'ziyankhulo za makolo kuyambira m'zaka za m'ma 1990, linabwerera ku Chingerezi mu 2013. Akuluakulu ena amakonda Chiwedau chifukwa ndicho anabatizidwira, ndipo nyimbo zake zimawakumbutsa makolo awo. Ndipo pamudzi pamene chipatala chili kutali, munthu akhoza kufunsa ngati buku ndilo loyamba kufunika.

Komabe kumva chiyankhulo pamsika n'kosiyana ndi kumva nacho kalata ya Paulo. Agogo amene sanapite patali ndi sukulu, ndi mwana amene sanayambe, amamva Chingerezi cha pa guwa ngati phokoso lolemekezeka. Taonanso kuti nkhani zimene zimasautsa anthu kwambiri, za ufiti, za malire a munda, za mkwiyo wa pa maliro, zimakambidwa m'Chighayavi. Ngati Malemba salowa m'chiyankhulo chimenecho, ndiye kuti salowa m'nkhani zimenezo. Kumasulira kumabweretsanso zina: kalembedwe kokhazikika, timabuku ta ana, ndi anthu a pamudzi odziwa kulemba chiyankhulo chawo, zomwe n'zofunika kwambiri kwa chiyankhulo chaching'ono chimene achinyamata ake akusamukira m'tauni.

Yankho langa n'lakuti n'koyenera, malinga ntchitoyo ikhale m'manja mwa a Ghayavi eniake ndi dayosizi yawo, alendo n'kumangothandiza. Ndipo inu amene mumapempherera kapena kusonkhera ntchito yomasulira Baibulo, mukamatchula a Ghayavi muziwatchula ngati mpingo wakale umene ukudikira mabuku otsala, osati ngati anthu amene sanamvepo Uthenga.